Ulendo wa kumwambo wolemekeza mphunzitsi wa power electronics

Anzathu a m'kalabu amene munatsala, nayi nkhani yonse, poti a Tcheya ndi a Msungichuma akuifotokoza aliyense mwake.

Anatiitana ndi ophunzira anzathu a pa yunivesite ina, kumwambo wopereka mphoto kwa pulofesa wawo, mayi amene waphunzitsa power electronics (phunziro la zipangizo zosintha ndi kuwongolera mphamvu ya magetsi) kwa zaka zambiri. Gulu lililonse linauzidwa kubwera ndi chinthu choonetsa, ndiye ife tinanyamula inveta yathu ija ya batire ya 12 V, yosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, itakulungidwa m'juzi la a Mlembi.

M'mawa wonse unali wa zolankhula. Anatikumbutsa kuti Power Electronics Society, nthambi ya IEEE, bungwe la akatswiri a zamagetsi, ili ndi mphoto ya dzina la William E. Newell, imene inayamba mu 1977, komanso ina ya dzina la R. David Middlebrook wa ku yunivesite ya Caltech ku America. Middlebrook ndi wophunzira wake Slobodan Ćuk ndi amene anafalitsa state-space averaging mu 1976, njira ya masamu ija imatigoneka mochedwa mayeso akayandikira. Zonse zili m'kope la a Mlembi, ofuna akabwereke.

Masana ndiye kunali nkhani. Anthu atazungulira tebulo lathu, a Tcheya analumikiza batire. Phwa! Fyuzi yapita, kautsi kakutuluka pa MOSFET imodzi (ka swichi ka magetsi kotsegulidwa ndi kutsekedwa kudzera pa mwendo wake wotchedwa geti), fungo lija mukulidziwa. Pomwepo mkangano unabuka. A Msungichuma akuti owotcherera anathamanga nayo ntchito, a Tcheya akuti amene anagula ma MOSFET otchipa ndiye ayankhe. Mlongo wathu wa chaka choyamba, amene anaisungira bolodi ya invetayo pamiyendo njira yonse, misozi inali italengeza.

Apa ndi pamene mayi aja anatulukira, mphoto yawo ili m'manja. Anaiika pampando, n'kukoka mpando wina, n'kukhala. Sanafunse kuti walakwa ndani. Anapempha multimeter, choyezera magetsi, n'kuipereka kwa mlongo wathuyo.

"Yezani kuchokera pa driver, gawo lolamula ma geti, mpaka pa geti iliyonse. Mukuona chiyani?"

Pa ma geti atatu multimeter inalira bwinobwino, kusonyeza kuti waya ndi wolumikizika, pa yachinayi zii. Waya unali utaduka pamalo owotcherera chifukwa cha kugwedezeka kwa galimoto.

"Tsono geti ikasiyidwa yokha, ndani akuiuza kuti itseke?"

Tonse chete. Anadikira, osathamangira kutiyankhira. Mpaka mlongo wathu ananena motsitsa mawu kuti palibe, ndipo kuti geti yolekereredwa imatola chaji n'kutseguka yokha. MOSFET ya pansi itatseguka nthawi imodzi ndi ya pamwamba, batire inapeza njira yachidule. Mayiwo anangogwedeza mutu, n'kutuma wophunzira wawo kukatenga ma resistor (tochepetsa kuyenda kwa magetsi) a 10 kΩ, oika pakati pa geti ndi mwendo wina wotchedwa source pa MOSFET iliyonse, kuti geti isasunge chaji. Tinasintha yopserera ija, n'kuika fyuzi yatsopano. Asanatilole kulumikiza babu, anatiuza kuti tiyambe taona dead time, kanthawi kamene ya pamwamba ndi ya pansi zonse zimakhala zotseka, pa oscilloscope, makina oonetsa magetsi pa sikirini. Babu litayaka, holo yonse inaomba m'manja.

Ine zifukwa za mphotoyo ndinazimva m'mawa zikuwerengedwa papepala, koma ndinazikhulupirira patebulo paja. Tsiku linali lawo, ojambula akuwadikira panja, iwo ali pa bolodi yopserera ya ana a eni.

Tithokoze anzathu otilandira potibwereka chowotcherera ndi MOSFET yosinthira. Tithokoze adalaivala, ngakhale a Tcheya akuti mlandu wa waya uja ukadali pa iwo. A Mlembi, juzi lanu linagwira ntchito, tidzalichapa. A Msungichuma ndi a Tcheya anagwirana chanza pobwerera, mboni tilipo. Ndipo mlongo wathu, amene tsopano aliyense akumutcha a Ten K, wavomera kutsogolera zoyeza ma geti pamsonkhano wotsatira, choncho aliyense abwere ndi bolodi yake.