Sabata yoika anthu mumpira wagalasi

Sabata ino tulo ndakhala ndikugona mochedwa, zonse chifukwa cha chithunzi chimodzi chomwe ndinaika pa status ya WhatsApp Lolemba. Ndinajambula mwana wa achemwali anga nkumuika mkati mwa kampira kagalasi ka Khirisimasi kaja, kamene ukakagwedeza tinthu toyera timagwa ngati sino, chipale chofewa chija chimagwa kumaiko ozizira. Pofika madzulo foni inali itadzadza, ena konkuno ku Ulongwe, ena ku Domwe mpaka ku Tsangano, aliyense akuti nanenso mundiike momwemo pasanafike pa 25 Disembala, tsiku la banja lija.

Kujambula kwake sikovuta ayi. Nsalu yopanda maluwa kumbuyo, munthu aime patali pang'ono ndi nsaluyo kuti mthunzi usagwerepo, laiti imodzi cham'mbali, basi. Thukuta lili pa kompyuta, kudula munthu bwinobwino makamaka tsitsi loluka, kupinda m'mphepete ndi Spherize mu Photoshop kuti lioneke galasi lenileni, kenako kamthunzi pansi pa mapazi, ukaiwala kameneka munthu amaoneka ngati akuuluka.

Lachiwiri sino wa pa intaneti anandikwana, aliyense akugwiritsa yemweyo. Ndinabwereka sefa ya mayi akunyumba, ufa woyera mbale imodzi, nsalu yakuda kumbuyo, flash cham'mbali, mnyamata wanga akusefa ine ndikujambula. Chithunzicho ukachiika pa Screen, njira ina yosanjikizira zithunzi mu Photoshop, chakuda chonse chimasowa, umangotsala ufa uli mbuu m'malere. Ndipo si zachilendo, Erwin Perzy wa ku Vienna amene anatchukitsa timipirati cha m'ma 1900 nayenso anayamba ndi ufa watirigu wamisere m'madzi.

Lachitatu kunabwera agogo ena ndi zidzukulu zitatu. Nditawaonetsa pa kompyuta anakhala chete, kenako akuti mwanawe chotsa matalalawa, amenewa ndi aja amang'amba chimanga kumunda. Ananena zoona, madontho akutsogolo ndinawakulitsa kwambiri. Ndinawachepetsa nkuwafewetsa, ena kumbuyo kwa ana ena kutsogolo, ndiye anati eya, tsopano kukugwa thonje.

Lachinayi mvula, magetsi kuthima tsiku lonse, palibe chomwe ndinagwira.

Koma chandikhudza kwambiri ndi cha Lachisanu. Mayi wina anabwera ndi kamwana ka miyezi 8, bambo ake ali ku Joni sanakaonepo maso ndi maso. Ma preset ambiri a Khirisimasi, aja okonzeratu mitundu ya chithunzi, amathira buluu pachithunzi chonse kuti kuoneke kozizira, ndiye pa khungu lathuli nkhope imatuwa ngati wadzola phulusa. Ine zimenezo ndimakana. Buluu apite ku galasi ndi kumbuyo, nkhope ndimaipatula payokha ikhale ndi mtundu wake weniweni. Mayiwo anandipempha kuti ndimuyeretseko mwanayo pang'ono, ndinawauza kuti mayi, bambo akeyo akufuna kuona mwana wawo mmene alili, ndikamusintha adzamuzindikira bwanji akadzabwera? Ndinakhala ola lathunthu pa tsaya limodzi lokha mpaka linafanana ndi la mwana amene anali pamsana pawo pomwepo.

Usiku womwewo mayiwo ananditumizira voice note yochokera ku Joni, bamboyo akungobwereza kuti mphunoyo ndi ya malemu mayi ake. Lero Loweruka zatsala zithunzi 11, ndipo mnyamata wanga wayamba kale kupachika nsalu.