Dzino lothyoka

Lero m'tchalitchi abusa atangowerenga Miyambo 25:19, ine mutu unangoti zyoli. Vesi lija limati kudalira munthu wosakhulupirika pa tsiku la tsoka kuli ngati dzino lothyoka kapena phazi loguluka. Ndinaliloweza kalekale ku Sande sukulu, koma kulimvetsa ndalimvetsa lero.

Taonani, Solomo sanatchule mdani ayi. Mdani umamudziwa, umamulambalala. Iye watchula dzino, chiwalo chako chomwe. Dzino long'aluka silivuta ukamamwa phala, ndipo ukaseka limayera bwinobwino ngati anzake. Umalidziwa tsiku lomwe waluma chimanga chootcha, ululu wake mpaka m'khutu. Ndi zomwe zinandionekera Lachinayi usiku mayi atakomoka kwathu ku Chilomoni. Mnzanga uja timadyera limodzi kanyenya ku Limbe mwezi ukatha, yemwe amakonda kunena kuti "achimwene, galimotoyi ndi yanu, muzingoimba", ndinamuimbira kasanu. Foni kumangoitana. Chonsecho pa WhatsApp akuoneka kuti ali maso.

Anatinyamula ndi bambo ena oyandikana nafe nyumba, omwe ngakhale moni ndimawapatsa mwa apo ndi apo (manyazi andigwira, ndisaname). Anatuluka atavala jekete pamwamba pa zogonera, n'kutitengera kuchipatala pa kagalimoto kawo konyamulira makala. Ya mafuta anakana, amvekere "sungani, mugulira mankhwala". Mayi akupezako bwino, dzulo adyako nsima pang'ono. Mnzanga uja watumiza uthenga m'mawa uno: "Pepa aise, ndinagona msanga." Mpaka pano sindinamuyankhe.