Wotchi ya alamu inalirira m'khwapa mwanga

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi, ndipo ena mwa inu mukunditchula kuti "a Khwapa", bwanji muimve kwa mwiniwake. Wotchiyo sindinkafuna kuba ayi. Ndinkafuna ingokhala chete.

Iwo anaivula, kuiika patebulo n'kunena kuti, "Alamu, muziona ndi maso okha," basi n'kutuluka kukayankha foni. Nanga munthu angakusiyire chinthu chokhala ndi kachitsulo kotsetsereka m'mbali, n'kumayembekezera kuti chala chikhala phee? Ndinangokakankha pang'ono.

Ngo. Ngo. Ngo.

Eni ake amaitcha minute repeater. Mkati mwake muli tinyundo tiwiri tomenya timawaya tachitsulo. Imayamba kuwerenga maola ndi mawu a besi, kenako makota a ola ndi mawu awiriawiri, n'kumalizira mphindi zotsala ndi kamawu kakang'ono. Ndikanadikira mphindi imodzi yokha kuti ikwane 1 koloko, ikanalira kamodzi n'kutha. Koma ine mwana watsoka ndinakankha nthawi ili 12:59. Maola 12, makota atatu olira pawiri, mphindi 14. Kulira ka 32, ndipo palibe nthawi ina imene wotchi yotere imalira motalika kuposa pamenepo.

Ndinafufuza pozimitsira, palibe. Ndinaitembenuza kuti ndichotse batire, ndinangoona timagudumu tikuyenda kuseri kwa galasi. Ilibe batire. Chala changa chomwecho n'chimene chinakunga sipuling'i yoimbira, ndipo ikayamba siileka mpaka itamaliza mawu ake onse. Ndinaifumbatira, ikulirabe. Ndinaiuza kuti "shii", ikulirabe. Nditamva mapazi pakhomo, ndinailowetsa m'malaya n'kuipana m'khwapa.

Alamu analowa maola atangotha. Ndinaima njoo ngati msilikali, mkono uli gwa, nkhope ya munthu wosalakwa, kwinaku khwapa langa likuti nge-ngo, nge-ngo, nge-ngo. Iwo osayankhula. Anangopendeketsa mutu, kutsinzina, milomo ikugwedera. Anthu inu, munthuyo ankawerenga! Nge, nge, nge, ine thukuta kamukamu, iwo akugwedezera mutu kukhwapa kwanga mwaulemu wonse. Italira kamawu ka mphindi ka nambala 9 ndinayesa kutsokomola kuti ndiphimbe phokoso, anandikwezera chala kuti ndisasokoneze. Iwo amati zonsezi sizinakwane theka la mphindi. Ine ndikuti imvi ziwiri zili pamwamba pa khutuzi zinamera tsiku limenelo.

Itakhala zii anati, "14, ili bwino." Kenako anaona malaya anga atanyowa, nkhope n'kusintha. "Alamu, kwezani mkono. Pang'onopang'ono. Dzanja linalo likhale pansi pake."

Akuti mawotchi oimbawa ambiri amadana ndi chinyezi, chifukwa potsetsereka kachitsulo kaja pali kampata. Ndiye unayamba ulaliki. Amene anapanga yawoyo si fakitale, ndi mmisiri wodziimira payekha amene amatulutsa mawotchi owerengeka pachaka, m'mbali mwa kachitsulo kalikonse akupukuta ndi manja, ndipo iwo anaidikira zaka. Ikadwala ibwerera kwa mmisiri yemweyo, ine ndikamulembere ndekha kalata yofotokoza za khwapa. Anatchula amisiri otere monga Roger Smith wa ku chilumba cha Isle of Man kufupi ndi England, amene anaphunzira kwa katswiri wa mawotchi George Daniels. Anatchula Philippe Dufour wa ku Vallée de Joux ku Switzerland, amene mu 1992 anatulutsa wotchi ya pamkono yoimba yokha popanda woikankha, ndipo ina mwa zimenezo inagulidwa madola a ku America oposa 7 miliyoni mu 2021.

Apa ndinati, "Mwaona alamu, mukanagula yoimba yokhayo, mlandu wa chala changa ukanachokera kuti?" Sanaseke.

Wotchiyo ili moyo. Iwo akuumirira kuti mawu a besi asintha pang'ono, ine ndikumva ngati akoma kuposa kale. Masiku ano ndikapita kwawo amandilandira atavala ya pulasitiki, ya batire, ndipo nayonso saivula.