Mawu amene adokotala analemba m'buku la azakhali

Azakhali anga a ku Ntcheu amadwala BP. Mwezi wa Juni adokotala anawasinthira mapiritsi, n'kulemba m'buku lawo lachipatala kuti "Review 2/52". Azakhaliwo sukulu analekezera Sitandade 3, ndiye anapatsa mdzukulu wawo wa Fomu 2 kuti awawerengere. Mwanayo anati, "Agogo, awa ndi manotsi a adokotala, adzawerenganso okha." Iwo anangokhala pakhomo. Mapiritsi anatha, mutu unayamba kuwawa, ndipo pamene ndinkafika ine n'kuti patapita milungu isanu.

Mwanayo sindinamukalipire. Ndaphunzitsa Chingelezi kusekondale zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene timawaphunzitsira mawu amenewa. Timangoti "re" ndiye kuti "nso", basi, ena onse adzionere okha. Koma kuchipatala review ndi tsiku loti wodwala abwerere, amuyezenso, aone ngati mankhwala akugwira. 2/52 ija ndi milungu 2 mwa milungu 52 ya pachaka. Akadalemba 1/12 ukanakhala mwezi umodzi.

Chimene chimasokoneza n'chakuti review ndi revise ndi apachibale. Onse anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuona. Kusiyana kwake kuli pa zotsatira. Munthu akachita review amayang'ananso chinthu, ndipo akhoza kuchisiya mmene chilili. Akachita revise ndiye kuti wachigwira, wasintha. Mvetserani pa wailesi: akati bungwe la MERA lachita review mitengo yamafuta, n'kutheka kuti mtengo sunasunthe. Akati mitengo yakhala revised, funsani kondakitala mawa m'mawa, mumva mtengo wina. Chimodzimodzi kalata ya ntchito kapena ya ngongole. "Under review" akutanthauza kuti dikirani, tikuunikabe. "Please revise" akutanthauza kuti mpira uli kwa inu, konzani mubweretsenso. Ndinaonapo mphunzitsi mnzanga akudikira yankho miyezi itatu pomwe anthuwo ankadikira iyeyo.

Ndiye pali kurivaiza kwa ana athu mayeso a MSCE akayandikira. Apa palibe chimene akusintha, akungobwereza zimene anaphunzira. Umu ndi mmene amayankhulira ku Britain, ndipo ife tinatengera komweko. Ku America mwana wokonzekera mayeso amati akuchita review, ndipo akamva revise amaganiza zokonza nkhani imene walemba. Ana amene amaonera maphunziro pa YouTube amabwera m'kalasi atasokonezeka, ndipo ine ndimawauza kuti onse akukhoza, kungoti MANEB imatsata za ku Britain.

Mawu ena ndi opepukirapo. Recheck ndi double-check n'kutsimikiza kuti sunalakwitse, ngati mayi wogulitsa matemba akawerenganso chenji. Re-mark n'kuchonganso pepala lomwe lija, pomwe resit n'kulembanso mayeso. Kholo likasokoneza awiriwa limataya ndalama kapena chaka. Reconsider amagwiritsa ntchito popempha munthu amene wakana kale kuti aganizenso. Audit ndimalikonda chifukwa cha chiyambi chake: linachokera ku liwu lotanthauza kumva, poti kale mabuku a ndalama ankawerengedwa mokweza wina akumvetsera. Ndi zimene amachita amayi a banki m'khonde tsiku logawana, msungichuma akuwerenga, gulu lonse lili tcheru.

Kukhoti nkhaniyi imalemera kwambiri. Appeal, imene timati apilo, n'kuuza khoti lalikulu kuti chigamulo chinalakwika. Judicial review n'kupempha khoti kuti liunike ngati waudindo anatsata lamulo ndi ndondomeko popanga chiganizo, osati ngati chiganizocho n'chokoma. Ndipo mu 2020, khoti litathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February, anthu ena kumudzi ankati kukhala recount. Ayi. Recount n'kuwerenganso mavoti omwe aja. Chimene chinachitika pa 23 June chinali chisankho chatsopano, aliyense n'kukaimanso pamzere.

Chimandiwawa n'chakuti Chichewa sichisowa mawu amenewa. Tili ndi kuonanso, kuunikanso, kubwereza, kuwerenganso, kukonza, kuganizanso, ndipo palibe agogo amene angasokoneze "mubwerenso" ndi "ndidzawerenganso". Sindikunena kuti adokotala asiye kulemba Chingelezi. Bukulo amawerenganso anzawo apantchito, ndipo pamzere pamakhala anthu ambirimbiri. Koma mwini buku ndi wodwalayo. Ndipo ife aphunzitsi tili ndi mbali yathu, chifukwa mwana wa Fomu 2 amene angathe kulemba tanthauzo la review pamayeso, koma osalizindikira m'buku la agogo ake, liwulo sitinamuphunzitse.

Azakhali tinapita nawo Lachiwiri lotsatira. BP inali itakwera, anawapatsa mapiritsi ena, n'kulemba "Review 1/12". Tili pabenchi panja, ndinaitana mdzukulu uja n'kumupatsa cholembera. Anawerengera masiku pafoni, kenako pansi pa mawu a adokotala analemba ndi dzanja lake: "Agogo, mubwerenso kuchipatala pakatha mwezi, Lachiwiri, akakuyezeninso." Teremu ino, Fomu 1 ndayamba nayo ndi mzere womwewo pabolodi: Review 2/52.