Dzina la pa katoni: zimene ma plugin a Qt andiphunzitsa

Achimwene anga amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku Joni kupita kumudzi. Loweruka timapakira ku Mayfair. Anthu amabwera ndi makatoni, mafiriji, njinga, aliyense atalemba ndi maka dzina la wokalandira, nambala ya foni ndi boma lomwe katunduyo akatsikire. Ine ntchito yanga n'kukhala pa laputopu kulemba malisiti. Pulogalamu ya malisitiyo ndinailemba ndekha ndi Qt, zida zopangira mapulogalamu m'chilankhulo cha makompyuta cha C++, ndipo miyezi iwiri yapitayi ndakhala ndikulimbana nayo usiku ndikaweruka.

Chinandiyambitsa n'chakuti anthu safuna zofanana. Wina akufuna lisiti la pepala, wina PDF yoti atumize kwa mkazi wake pa WhatsApp, achimwene akufuna CSV, fayilo ya mizere ya manambala yowerengera ndalama. Ndinatopa n'kumasula pulogalamu yonse nthawi zonse. Ndiye ndinati njira iliyonse yotulutsira lisiti ikhale fayilo payokha, ya .so poti ndili pa Linux, pulogalamu ikamadzuka izisuzumira mufoda n'kutola zomwe yapezamo. Mafayilo otere ndi omwe amatchedwa ma plugin. Njirayi ndi yakale. Qt inatuluka mu 1995 ku Norway, ndipo Qt Creator, pulogalamu yomwe ndimalemberamoyo, nayonso ndi mulu wa ma plugin.

Kalembedwe kake sikavuta. Umayamba ndi interface, class yokhala ndi ma pure virtual function okhaokha, ndiye kuti mndandanda wa ntchito zomwe plugin iliyonse iyenera kugwira, ndipo Q_DECLARE_INTERFACE imaipatsa dzina lotchedwa IID. Plugin imachokera ku QObject, class yaikulu ya Qt, ndi ku interface ija, n'kubwereza dzina lomwelo mu Q_PLUGIN_METADATA. Mbali ya pulogalamu, QPluginLoader imatsegula fayilo, instance() imakupatsa chinthucho, qobject_cast imafunsa ngati ndi chamtundu womwe ukufuna. Chinandisangalatsa ndi metaData(), yomwe imawerenga JSON, mawu ofotokoza plugin, isanaitsegule n'komwe. N'chimodzimodzi achimwene akamawerenga pa katoni kuti iyi ndi ya ku Mangochi, osang'amba selotepi.

Usiku woyamba fayilo inatseguka bwinobwino, koma qobject_cast inangobweza nullptr, kutanthauza kuti palibe kanthu. Ndinayatsa QT_DEBUG_PLUGINS=1 kuti Qt izionetsa zomwe ikuchita ndi ma plugin, zolemba mbwee pa sikirini, vuto osaoneka. Cha m'ma 1 koloko ndi pomwe ndinaona kuti ndaiwala mzere umodzi wa Q_INTERFACES. Popanda mzerewu moc, pulogalamu ya Qt yomwe imawonjezera code pomanga, sailemba plugin ngati mwini wa interface, ndiye ikafunsidwa dzina imakana. Ndinaseka ndekha mpaka mnzanga wogona naye chipinda anatembenuka.

Koma chinandiphunzitsa kwenikweni ndi china. Achimwene anati lisiti lizionetsanso makilo a katundu. Ndinawonjezera function yatsopano pakati pa interface, ndinamanganso pulogalamu ndi plugin ya PDF, ya CSV ndinaiiwala mufoda. Dzina la IID sindinalikhudze. Loweruka, mayi wina ataima kutsogolo kwanga ndi ma R200 m'manja, ndinadina batani, pulogalamu zii, yatsekeka.

"Mphwanga, makina akowa atichititsa manyazi. Tenga bolopeni."

"Pepani achimwene, ndikonza madzulo ano."

Malisiti a tsikulo ndinalemba pamanja. Madzulo ndinamvetsa chomwe chinachitika. C++ siitana virtual function ndi dzina, imangowerenga malo mu vtable, mndandanda wa ma function: yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pulogalamu inapita pa malo achiwiri ikuyembekezera makilo, koma mu plugin yakale pamalopo panali function ina. Qt sinalakwe chilichonse. Inafunsa dzina, dzina linagwirizana, inalowetsa. Katoni inali ndi dzina lolondola, zam'kati zinali zasintha, ndipo wosintha ndinali ine.

Ndisabise, apa ndimaona kuti maphunziro ambiri a pa intaneti amathamanga. Amakuonetsa plugin yoyamba ikugwira, aliyense n'kuwomba m'manja, koma za tsiku lomwe udzasinthe interface sanena. Panopa IID yanga imathera ndi /2.0, ndipo ndikangokhudza interface nambalayo imakwera. Plugin yakale qobject_cast imaikana, pulogalamu n'kulemba dzina la fayilo yokanidwayo pansi pa windo m'malo mogwa.

Ya CSV ndinaimanganso Lamlungu. Sabata ino achimwene abwera ndi ina: akufuna lisiti lizionetsa mtengo m'makwacha pambali pa marandi, kuti olandira katundu ku Blantyre asamakangane ndi dalaivala.