Zilembo ziwiri zandidyera masiku atatu

Webusaiti ya kopaletivi yathu ya soya kuno ku Kasungu tsopano ikuyankhula zomveka. Dzulo madzulo amalume, omwe anasiya kuona ali mnyamata ndipo anaphunzira ku Chilanga, anamvetsera tsamba la mitengo mpaka pansi osandifunsa kuti "akuti chiyani ameneyu?"

Amalume amagwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yaulere ija yowerengera anthu osaona zimene zili pa kompyuta. Pa mndandanda wa zinenero za eSpeak, kapulogalamu kotulutsa mawu mu NVDA, palibe Chichewa, ndiye iwo anasankha kale mawu a Chiswahili, chifukwa a, e, i, o, u amatuluka ngati athu. Mauthenga awo onse amamva choncho. Koma akangotsegula tsamba langa, kompyuta imasanduka mzungu wongotsika kumene ndege ku Lumbadzi. "Mbewu" imamveka ngati dzina la mankhwala, "nyemba" ndiye osanena.

Lolemba ndinkaganiza kuti vuto ndi font. Lachiwiri ndinathira aria-label, timawu tobisika touza NVDA dzina la batani, paliponse ngati mchere, osaphula kanthu, ndipo mabatani ena anayamba kudzibwereza. Ndinafika poyikanso NVDA yatsopano pa laputopu yawo, bandulo yonse kuthera pomwepo. Lachitatu magetsi atazima ndinakhala pakhonde n'kumawerenga code pa batire, ndipo diso linagwera pa mzere wachiwiri weniweni: lang="en", kutanthauza kuti tsambali ndi la Chingerezi. Template, tsamba lokonzeratu, yomwe ndinatenga chaka chatha inabwera nayo choncho. NVDA imamvera tsamba likanena chinenero chake, ndiye inkataya Chiswahili cha amalume n'kulumphira ku Chingerezi. Ndinalemba "ny", chizindikiro cha Chichewa, basi. Poti mawu a ny palibe, imabwerera ku amene mwini wake anasankha.

Mnzanga wina akuti ndingolemba "sw", chizindikiro cha Chiswahili, kuti aliyense amve bwino. Ndakana. Limenelo ndi bodza, Chrome iyamba kufunsa alimi ngati akufuna kumasulira kuchokera ku Chiswahili, komanso WCAG, malangizo opangira mawebusaiti oti aulumali azitha kugwiritsa ntchito, pa ndime 3.1.1 imafuna chinenero chenicheni cha tsambalo. Mawu ochepa achingerezi ndawakulunga mu span (kachigawo ka code) yawoyawo ya lang="en".

Sikuti zonse zili myaa. "Thumba" ikulitchula ngati munthu wogweluka mano, poti th wa Chiswahili ndi wina. Amalume amangoseka, akuti anazolowera.

 Tsamba la kwaya lomwe ndinapanga kale ndikuchita manyazi kulitsegula lero: zilembo zotuwa pa chikasu, kutalitali ndi 4.5:1, mlingo wa WCAG wa kusiyana kwa mitundu, ndi zithunzi zoyenda zokha zimene mwana wa achemwali, yemwe ali ndi autism, ankaziphimba ndi dzanja.

Kenako ndiyese TalkBack, yowerengera anthu osaona pa mafoni a Android, poti alimi ambiri ali pa foni. Ndipo mutu ukundiuza kuti ndilembe ndekha malamulo a katchulidwe ka Chichewa mu eSpeak. Mwina tikakolola.