Anati ndisayandikire anthu, kenaka anandibweretsera adzukulu asanu

Chidebe chija chikadalipo. Chili kuseri kwa khitchini, kampopi kake kanathyoka, ndipo masiku ano ndimasungiramo madeya a nkhuku. Koma kuyambira mu Epulo 2020 mpaka chaka chinacho, icho ndicho chinali mlonda wa pakhomo pano. Chinkakhala pa mpando pafupi ndi geti, kachidutswa ka sopo wochapira kali pambali, ndipo mlendo aliyense ankayamba walonjerana nacho asanandipatse ine moni.

Ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka 34, sukulu yanga yomaliza inali ya kumtunda ku Namwera, ndipo nditapuma tinatsika kudzamanga kuno kufupi ndi boma la Mangochi. Bambo a m'nyumba anatisiya mu 2014. Pamene korona imafika ndinali ndi zaka 69, ndili ndi BP, ndili ndi shuga. Pa wailesi akamawerenga anthu amene ali pachiopsezo chachikulu, amati okalamba, odwala shuga, odwala kuthamanga kwa magazi. Ine ndinkayankha "ndilipo" katatu konse ngati mwana wa kalasi yoyamba.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi, foni yanga siinazizire. Mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre anaimba: "Amayi, musatuluke. Kumsika ayi, kutchalitchi ayi, kumaliro ayi. Musayandikire anthu." Ndinavomera. Loweruka lomwelo minibasi inaima panja, munatsika ana ake atatu ndi zikwama zawo, akuti m'tauni ndi moopsa, kwa agogo ndiko kuli bwino. Pasanathe sabata apongozi anga, mkazi wa mwana wanga wamwamuna amene anali ku Joni, anabweretsa awo awiri chifukwa amafuna azitha kuyenda pa geni yawo ya kaunjika. Ndiye ine amene ndimayenera kubindikira ndekha ndinapezeka ndikuphika nsima mu poto wamkulu uja ndimatulutsa pa Khirisimasi yokha.

Sindikudandaula ayi, adzukulu ndi anga. Koma palibe mwa ana anga anaona kuti zimene amandiuza ndi zimene amachita sizimagwirizana. Ine ndinkakhaladi pakhonde osatuluka. Adzukulu ndiwo amapita kulikonse: kumpira, kuchigayo, kumtsinje wa Shire kumene ndinawaletsa chifukwa cha ng'ona, kukaonera vidiyo kumsika. Madzulo amabwera fumbi lili mbuu, n'kusamba zala ziwiri pachidebe paja ngati akuthira mchere m'ndiwo, kenaka wamng'ono kwambiri n'kudzagona pamiyendo panga. Ukanamuuza bwanji mwana wa zaka zinayi kuti akhale kutali ndi agogo ake mita imodzi?

A Peter Mutharika atalengeza pa 2 Epulo kuti matendawa apezeka m'dziko muno, nkhani ya m'bindikiro wa masiku 21 inatsatira. Umayenera kuyamba pa 18 Epulo, koma khoti linapereka chiletso. Mtima wanga unali pawiri. Mbali ina ndinkafuna anthu akhaledi m'nyumba kuti ife okalamba tipulumuke. Koma ine ndili ndi kapenshoni, kochepa koma kamabwera. Anzanga a kuseri kwa mpanda, amene tonse timangowatchula kuti Abiti, amadya zimene agulitsa tsiku lomwelo. Amakazinga zitumbuwa m'mamawa, amuna awo n'kumagulitsa usipa wouma pamsika. Nditawafunsa za m'bindikirowo anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, masiku 21 ife tidzakhala tikutafuna chitseko?" Ndinasowa choyankha.

Ndalama nazo zinayamba kuvuta kuchokera kumene sitinkayembekezera. Kuno ku Mangochi ukaona nyumba ya malata atsopano, kawirikawiri kumakhala kuti kuli mwana ku Joni. South Africa itatseka zonse kumapeto kwa Malichi, mwana wanga amene ankagwira ntchito pa malo ena odyera ku Johannesburg anangouzidwa kuti akhale kaye. Uthenga wa Mukuru uja unkabwera kumapeto kwa mwezi unasiya. Mnyamata wa nyumba yachitatu kuchokera pano, amene ankagwira ntchito ku malo ogona alendo kunyanja, nayenso anabwerera kwawo chifukwa alendo kunalibe. Pakhomo pa anthu asanu ndi mmodzi, thumba la chimanga limatha ukuliyang'ana. Chambo tinachiiwala. Ndiwo zinali usipa, bonya, nyemba ndi mpiru umene ndinadzala kuseri, kumene ndinkathirira ndi madzi otsukira mbale.

Chimene chinandigwira kuti mutu usazungulire chinali belu. Ndinamangirira chikhasu chakale pa mtengo wa mango, ndipo ikakwana 8 koloko ndinkachimenya ndi msomali. Ana onse pamkeka. Bolodi chinali chitseko chakale cha bafa, choko anali makala. Wamkulu anali mu Sitandade 8 ndipo masamu a tizigawo ankamuzunguza, wina amawerenga ngati akutola mtedza umodziumodzi. Pofika 11 koloko dzuwa la kuno limakhala litatithamangitsa, sukulu n'kuweruka. Sindinganene kuti anaphunzira zambiri. Koma ine ndinkadzuka ndikudziwa choti ndichite, ndipo kwa munthu wokalamba wotsekeredwa pakhomo chimenecho si chinthu chaching'ono. Madzulo ndinkazungulira nyumba kakhumi chifukwa cha shuga, ana akundiwerengera mokuwa, nthawi zina n'kumandibera kuti ndizungulire kowonjezera. Mankhwala anga ankakanditengera mdzukulu wamkulu, atanyamula buku langa la kuchipatala m'jumbo. Lamulungu ndinkavala ndithu zovala za kutchalitchi, n'kukhala pakhonde kumvera mapemphero pa wailesi. Ana ankandiseka kuti ndavalira nkhuku.

Mwana wanga wa ku Joni uja anabwera mu Juni pa mabasi aja ankadzera ku Mwanza. Nthawi imeneyo dziko lonse linali litamva za anthu obwera ku Joni amene anathawa pa Kamuzu Stadium asanamve zotsatira zawo, ndiye aliyense wotsika ndi chikwama chachikulu ankayang'anidwa ngati wanyamula imfa. Iye anafika usiku, wowonda, atanyamula kachikwama kamodzi kokha. Zaka zitatu ndisanamuone. Ndinaima pakhonde, iye anaima pageti, ndipo ndinamuuza kuti, "Bambo, musambe m'manja, mulowe m'kanyumba ka kuseri." Mawu amenewa anatuluka m'kamwa mwanga momwemu. Anakhala m'menemo masiku 14. Pakati pa bwalo tinaika mtondo chozondotsa, ndipo mbale ya nsima inkaikidwa pamenepo. Woikayo akabwerera, iye ndiye amabwera kudzatenga. Kamwana kake kakakazi kankakhala pansi kuno kwa mtondo, bambo ake uko, n'kumaponyerana kampira ka mapepala mpaka ndinakaletsa, kenaka n'kudzimvera ndekha chisoni. Anthu odutsa pamsewu ankaloza kuti kwa aphunzitsi kwabwera korona. Mayi wina amene ankandigulitsa tomato anayamba kudzera njira ina.

Abiti okha ndiwo sanasinthe. Mpanda wathu ndi wa bango, ndipo pali malo ena pafupi ndi mtengo wa papaya pamene mbuzi zinaboola kalekale. Pamenepo ndi pamene tinkachezera, iwo uko ine kuno. Pa Idi ya chaka chimenecho mbale ya mpunga ndi nyama inadutsira pabowo pomwepo, monga imachitira chaka chilichonse kudzera pageti.

Kenaka kunabwera kampeni ya chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni. Ife oletsedwa kupita kutchalitchi tinkaona malole atadzaza anthu akuimba, akulowera ku misonkhano. Zitatero, kumuuza munthu kuti kunja kuli mliri kunali ngati kumunamiza. Ena ankati kachilomboko sikangapirire kutentha kwa Mangochi. Ena ankati ndi matenda a anthu okwera ndege. Sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Sepitembala ndi Okutobala adzukulu anabwerera kwawo, nane ndinamasuka. Ndinayambanso kupita kumsika, masiki yanga yosoka ndi chitenje ili pachibwano chifukwa kutentha kwa Okutobala ukavala chinthu kumphuno umamva ngati akukuphika. Chidebe chinkakhala masiku awiri chopanda madzi.

Januwale wa 2021 ndi amene anatiphunzitsa. Wailesi inasanduka ya mauthenga a maliro. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo a Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. Tsopano sanalinso anthu a pa wailesi okha: mphunzitsi mnzanga amene tinayambira limodzi ntchito, mkulu wa mpingo wathu, dalaivala wina wodziwika pano. Pakhomo paliponse pankanunkha bulugamu. Nanenso ndinafukiza, nditafunda bulangete pamwamba pa poto wa masamba owira, thukuta lili kamukamu, ngakhale ndikudziwa kuti nthunzi imangotsegula mphuno, siipha kachilombo. Mandimu, jinja ndi adyo zinakwera mtengo ngati nyama. Usiku ndikangotsokomola kamodzi, tulo tonse timabalalika, n'kuyamba kununkhiza sopo kuti ndione ngati mphuno zikugwirabe ntchito. Tsiku lina ndinaimba 54747, ku Chipatala cha pa Foni, ndipo mtsikana amene anayankha anandifunsa mafunso modekha mpaka ndinazindikira ndekha kuti chimene chandigwira ndi mantha.

Mwezi womwewo amuna a Abiti anayamba kubanika. Anawatengera kuchipatala pa njinga yamoto Lachiwiri, Lachinayi m'mamawa ndinamva kulira kuseri kwa mpanda.

Apa ndiye pamene pali nkhani yanga yeniyeni. Bambo a m'nyumba muno atamwalira, Abiti anagona pa siwa pano masiku atatu. Ndi Asilamu, nyimbo zathu sazidziwa, koma anakhala pafupi nane pamkeka, ndipo ndiwo ankandikakamiza kumwa phala. Kwathu kuno maliro sachita kuitanira, ndipo munthu amene sapita kumaliro a anzake timamudziwa, timamusunga mumtima. Tsiku limenelo ndinamanga chitenje, ndinavala mpango, ndinafika mpaka pageti. Mwana wanga anaima kutsogolo kwanga. Sanakuwe. Anangoti, "Amayi, mukapita uko, sabata ya mawa tidzakhala tikulira kuno." Mlongo wake naye anali pa foni akulira kuti ndisayerekeze.

Ndinabwerera. Ndinatenga kampando n'kukakhala pansi pa papaya paja, pafupi ndi bowo. Ndinatumiza ufa, nkhuni ndi kandalama ka chipepeso kudzera mwa mwana wanga, amene anakaima patali ndi amuna anzake. Anzathu achisilamu sachedwetsa maliro, ndipo nthawi imeneyo zinkafulumira koposa. Dzuwa lisanapendeke anali atanyamuka kupita kumanda. Ndinamva zonse. Ndinamva mawu a Abiti pakati pa amayi ena, ndinamva shehe, ndinamva mapazi akutuluka. Ndinalira ndekha ngati wakuba, mamita osakwana khumi kuchokera pamene ndimayenera kukhala.

Anthu amati ndinachita bwino, ndipo mwina ndi zoona, poti ndili moyo ndikulemba izi. Koma amene amatiuza ife okalamba kuti tingokhala pakhomo ankaganiza kuti akutiletsa zinthu zosangalatsa chabe. Munthu wa zaka zanga ntchito imene yamutsalira pamudzi ndi yomweyo: kukaona odwala, kukhala pa siwa, kulangiza pa chinkhoswe. Ukamuchotsera zimenezo wamusiya ndi chiyani, kudya ndi kumwa mapiritsi?

Abiti analowa edda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wachisilamu amakhala pakhomo amuna ake akamwalira. Ndiye tinakhala amayi awiri okalamba obindikira, wina chifukwa cha chipembedzo, wina chifukwa cha shuga, mpanda uli pakati. Sabata yoyamba ndinkachita manyazi kufika pabowo paja. Tsiku lina ndinaphika futali, ndinaika m'mbale, n'kuitana. Dzanja linatuluka n'kulandira. Kuyambira pamenepo madzulo alionse, kamphepo ka kumtsinje kakayamba, tinkakhala aliyense mbali yake. Nthawi zambiri sitinkayankhula zambiri. Iwo amasankha mpunga, ine ndimasenda nandolo.

Katemera atafika mu Malichi, ndinaona pa foni chithunzi cha a Chakwera akubayitsa ku Zomba pa 11, ndipo mwayi wa okalamba utatseguka ndinakwera kabaza kupita kukabayitsa wanga wa AstraZeneca. Pa WhatsApp ya amayi a kumpingo munali zoopsa zokhazokha: ati ndi 666, ati obayitsa onse afa pakatha zaka ziwiri. Ndinawayankha kuti pa zaka 70 munthu akakulonjeza zaka ziwiri ndiye kuti wakuwonjezera. Mkono unalemera masiku awiri, thupi linatentha usiku umodzi, basi. Abiti anandiyang'anitsitsa pabowo paja mwezi wathunthu kuti aone ngati ndisanduke chinthu china, ndipo edda itatha anandiuza kuti ndiwaperekeze.

Tikubwerera tsiku limenelo tinayenda wapansi pang'onopang'ono, poti onse awiri mawondo ndi otha. Ndinali ndisanapepesepo za maliro aja, mawu ake ankandikanika. Titafika pa mthunzi wina ndinayamba kuti, "Abiti, tsiku lija la bambo..." Iwo sanandilole kumaliza.

"Ndinakumvani," anatero. "Munali pa papaya. Mumatsokomola."

Kenaka anandifunsa ngati nkhuku yanga yakuda ija yayamba kuikira, chifukwa amafuna mazira oti agonekere yawo.